Alamu Yomwe Sinalire

Lamulungu pa 8 Juni, dzuwa lili paliwombo, anthu osadziwika anadula loko wa chitseko chakumbuyo cha nyumba yosungiramo katundu n'kupakira mabatire a sola odzaza lole. Alamu sinalire. Lolemba m'mawa mwini katundu anapeza mashelefu ali pululu, ndipo pofika masana mlonda wake anali m'chitokosi.

Fayilo inafika pa tebulo la Sajenti Lachitatu madzulo, itamangidwa kale ngati mtolo wongodikira wosenza. Poyamba mlonda ananama kuti anali pa geti tsiku lonse. Kenako anavomera kuti anazembera ku tchalitchi, komwe amaimba besi m'kwaya. Kampani ya alamu inapereka umboni woti bokosi lawo la alamu linali lozimitsidwa panthawi yakubayo. Wozimitsa angakhalenso ndani? Mkulu wa polisiyo ankafuna kuti Lachisanu m'mawa mlondayo akaonekere ku khoti, nkhani ithe.

Sajenti anali mayi wotopa. Anali atakhalitsa mu ofesi yofufuza milandu moti mpando wake unali utapindika motsatira msana wake, ndipo ankadziwa kuti fayilo yosalala kwambiri imakhala ndi munga pansi. Koma kunena zoona, chomwe chinamudzutsa pampando Lachinayi m'mawa si luso ayi. Anali mkazi wa mlondayo. Kuyambira Lolemba mayiyo ankakhala pa benchi la pakhonde, kontena ya chakudya ili pamiyendo, osalira, osapempha kanthu. Sajenti akamadutsa ankaimirira, akadutsa n'kukhalanso pansi. Munthu wotero amatopetsa kuposa wokuwa.

Mlonda anali bambo wamtali, wolankhula ngati akuwerenga mawu asanawatulutse. Ntchitoyo anaiyamba pa 1 Juni. Kiyi wa nyumbayo analibe. Malo ake anali kanyumba ka pa geti. Ponena za tchalitchi anangozyolika. Koma Sajenti atatchula za bokosi la alamu, anadzutsa mutu.

"Bokosilo, mayi, ine ndinangoliona kamodzi chitseko chili chotsegula. Lili ngati mwezi. Lili m'mwamba, limawala, koma kulikhudza sindinalikhudzepo."

Mwini katundu, yemwe Sajenti anamupeza pafoni, sanafune zambiri. Anati analemba mlonda chifukwa mwezi wa Meyi katundu ankaoneka ngati akuchepa, ndipo tsiku lomwelo anasinthanso loko. Kupolisi sanapite chifukwa wosunga makiyi ndi mphwake, mwana wa mlongo wake, ndipo nkhani za m'banja saziyanika pamsewu. Alamuyo anaiikitsa kumayambiriro kwa Meyi. Mwezi wonsewo sinalirepo n'kamodzi komwe.

Sajenti analemba zimenezo, n'kuziyang'ana kwa kanthawi. Katundu ankachepa, alamu ili chete, mlonda asanabwere n'komwe.

*

Kampani ya alamu inali pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala. Masitepe ake anali opapatiza, onunkha labala. Manijala anamulandira ndi manja awiri, anamukokera mpando, n'kuitanitsa tiyi Sajenti asanavomere. Anali munthu wa mawu osalala, wozolowera kugulitsa chitetezo kwa anthu amantha.

Anafotokoza kuti bokosi lililonse, lisanatumize alamu, limayamba lafunsa pa kompyuta yawo ya mayina kuti chipinda cholandirira ma alamu chili pa adiresi iti. Kompyutayo imasunga funso lililonse. Anatembenuza sikirini kuti Sajenti aone yekha. Lamulungu lonse, kuchokera ku bokosi la nyumba ija sikunabwere funso ngakhale limodzi.

"Bokosi lamoyo limafunsa, a Sajenti. Lomwe silinafunse ndi lakufa. Munthu wanuyo anathimitsa magetsi pa mita ya panja, batire n'kutha. Timazionaona zimenezi."

Sajenti anafunsa ngati bokosilo linafunsapo m'mwezi wa Meyi. Manijala anamwetulira, nati sanaone chifukwa choyang'anira mwezi womwe kunalibe kuba.

Chipinda cholandirira ma alamu chinali kumapeto kwa khonde, chopanda zenera. Munali mtsikana mmodzi atavala juzi, maso ali ofiira ndi kuwala kwa masikirini. Lamulungu analipo ndi iyeyo. Anati palibe chinalira kuchokera ku nyumba ija, ndipo iye amangoona zomwe zabwera. Zomwe sizinabwere si ntchito yake. Mawu amenewo anawabwereza kangapo, ngati munthu amene wawanena kale kwa mabwana ambiri sabata imeneyo.

Sajenti anafunsa kuti iwo amadziwa bwanji kuti bokosi lili moyo. Mtsikanayo anati lililonse limatumiza moni m'mawa uliwonse, ka uthenga ka pafoni, njira yakale yosadzera pa intaneti. Anayendetsa chala pa sikirini. Bokosi la nyumba ija linapereka moni Loweruka, Lamulungu, Lolemba, mpaka m'mawa wa tsiku lomwelo.

"Nanga lakufa limapereka moni?"

"Mwina anathimitsa litapereka kale moni, n'kudzayatsanso. Ine sindidziwa, mayi. Zamkati mwa mabokosi afunseni a Namakodi."

Namakodi linali dzina lomwe anzake anamupatsa mayi wolemba mapulogalamu a kampaniyo. Anali pa tchuthi cha uchembere kuyambira pakati pa Epulo. Manijala, yemwe anali ataima pakhomo, anati palibe chifukwa chovutitsira munthu wa khanda, iye akhoza kuyankha chilichonse. Sajenti anathokoza chifukwa cha tiyi yemwe sanamwe, napempha mtsikanayo kuti amulozere njira.

*

Anamutsegulira ndi apongozi ake a Namakodi, omwe anayang'ana yunifolomu ya dalaivala wa polisi ngati yabweretsa matenda. Pabalaza panali matewera oyanikidwa pamipando. Namakodi anatuluka ali ndi mwana paphewa, tsitsi losapesa, nkhope ya munthu amene tulo anasiyana nato kalekale. Ankalankhula mwachangu, ngati akuopa kuti mwana adzuka asanamalize.

Sajenti anamuuza zomwe manijala ananena, kuti bokosi lomwe silinafunse ndi lakufa. Namakodi anaseka pang'ono kudzera m'mphuno.

"Zinali zoona chaka chatha. Abwana amaloweza chinthu kamodzi, n'kumachigulitsa zaka khumi."

Anafotokoza akuyendayenda, akusisita mwana kumsana. Bokosi silidziwa komwe chipinda cha alamu chili. Limangodziwa dzina lake. Ntchito yosandutsa dzina kukhala adiresi si ya pulogalamu yomwe iye analemba, koma ya kapulogalamu kobwereka komwe anthu ambiri amagwiritsa ntchito, laibulale ya DNS. Kale laibulaleyo inkadzichitira zonse. Inkapita yokha kwa mwini nyumba, kutanthauza pulogalamu yaikulu yoyendetsa bokosi lonse, n'kupempha khomo lotulukira, lomwe iwo amati soketi. Ikalipeza inkatumiza funso, kulandira yankho, n'kutseka khomolo. Vuto linali loti mabokosi awo ali ndi njira ziwiri, waya ndi simu khadi, ndipo waya ukafa laibulale inkangokakamira pomwepo.

"Ndiye ndinailanda ntchitoyo. Laibulaleyo imalola kuti uipatse antchito akoako asanu, timalamulo tolemba wekha: wotsegula, wolumikiza, wotumiza, wolandira, wotseka. Ikafuna khomo sipitanso kwa mwini nyumba, imaitana anga. Ndipo chomwe anga anena, imakhulupirira. Ilibe njira ina yodziwira."

Sajenti anafunsa ngati antchito amenewo anganame. Namakodi anaima.

Anati alipo magulu awiri. Enieni, omwe amapita m'mabokosi a makasitomala, ndi oyeserera, omwe anawalembera mabokosi oyesera pa benchi la ku ofesi. Munthu sungayese alamu tsiku lonse ukuliza chipinda chenicheni, mtsikana uja angakuphe. Choncho m'gulu loyesererali, wotumiza amameza funso osalitulutsa panja, ndipo wolandira amapereka yankho lokonzeratu: adiresi ya kompyuta yakale yomwe ili pansi pa benchi. Bokosi limatumiza alamu kumeneko, kompyutayo imati yafika, bokosi n'kuyatsa getsi lobiriwira, lokhutira. Pa kompyuta ya mayina sipaoneka kanthu, chifukwa funso silinatuluke m'nyumba.

"Bokosi loterolo lingapezeke pa khoma la kasitomala?"

"Ayi. Oyesera ndimawamata sitika yachikasu. Enieni yobiriwira. Ngakhale Makwerero, woika mabokosi wathu, amasiyanitsa mitundu."

Anatero, koma dzanja lomwe linkasisita mwana linali litasiya kuyenda. Sajenti anadikira. Anali ataphunzira kuti mboni ikayamba kudzitsutsa yokha mumtima, wapolisi azikhala chete.

Namakodi anati pali njira yodziwira. Wotseka wa m'gulu loyeserera ndi chigoba chabe, sachita kanthu. Bokosi la pa benchi limazimitsidwa madzulo aliwonse, ndiye sanaone chifukwa chovutikira. Kutanthauza kuti ngati bokosi loterolo lakhala pa khoma masabata onsewa, alamu iliyonse yasiya khomo lake lili chitsegukire, ndi nthawi yomwe linatsegulidwa. Koma zonsezo zili m'mutu mwa bokosi basi, sizilembedwa paliponse.

"Likangozima ngakhale kamphindi, zapita. Muwauze asalikhudze."

Sajenti anaimbira mwini katundu ali chiimire pakati pa matewera. Bamboyo anayankha mosangalala, koyamba sabata imeneyo. Anati a kampani ya alamu angomuimbira kumene. Akubwera kudzachotsa bokosi lakale kuti akaliunike, ndipo amuikira latsopano mwaulere.

*

Apongozi anakana kuti mwana wa masabata ochepa akwere galimoto ya polisi, ndipo anakananso kuti mayi ake amusiye. Mkanganowo unadya nthawi yomwe Sajenti analibe. Mapeto ake anakwera onse, apongozi kutsogolo atafukata mdzukulu, akuuza dalaivala kuti achepetse liwiro pomwe Sajenti kumbuyo akumuuza kuti aponde.

Nyumba yosungiramo katundu inali kumapeto kwa msewu wa fumbi, pakati pa galaja ndi malo ocheka matabwa. Galimoto ya kampani ya alamu inali itaima kale pa geti. Mkati munali mdima wozizira ndi fungo la makatoni. Kumapeto, pafupi ndi chitseko chakumbuyo, mwamuna wamfupi anali pamwamba pa makwerero, sikuludalaivala ili kukamwa, chivundikiro cha bokosi chili m'manja. Manijala anali pansi, akumugwirira makwerero.

Sajenti sanakuwe. Bondo lake silinkamulola kuthamanga, choncho anangoyenda molunjika, nati, "Achimwene, manja anu akhale pomwe alipo."

Mwamunayo anauma ngati chithunzi. Chala chake chinali pa waya wofiira wa batire.

Manijala anayamba kunena kuti bokosilo ndi katundu wa kampani, ndipo akungofuna kuthandiza apolisi. Sajenti anavomereza kuti ndi la kampani, koma kuyambira Lamulungu ndi mboni ya boma, ndipo mboni saichotsa pamalo wofufuza asanaifunse. Kenako manijala anaona Namakodi akulowa ndi laputopu kukhwapa, malaya ali ndi banga la mkaka paphewa. Anamufunsa mokoma kuti watani kusiya mwana. Namakodi anati mwana ali pa geti ndi agogo ake, ndipo alira posachedwa, choncho amupatse mpata.

Wamfupi uja anali Makwerero, woika mabokosi wa kampaniyo. Dzinalo analitengera ku chida chomwe sasiyana nacho. Anatsika pang'onopang'ono, Namakodi n'kukwera. Analumikiza kawaya, nakhazika laputopu pa sitepe yapamwamba. Kwa kanthawi munkangomveka makina ocheka matabwa kuseri kwa khoma.

"Ndi anga oyeserera," anatero osacheuka. "Makomo asanu, onse chitsegukire."

Anawerenga limodzilimodzi, Sajenti akulemba. Lachiwiri pa 6 Meyi, masana. Kenako Lamulungu pa 11, pa 18 ndi pa 25 Meyi, onse chakumasana. Lomaliza Lamulungu pa 8 Juni. Lamulungu la pa 1 Juni, tsiku lomwe loko anasinthidwa, panalibe kanthu.

Sajenti anafunsa funso limodzi lomwe anadzera. Kodi bokosilo likanazima Lamulungu lapitali, makomo a mu Meyi akanakhalapobe? Namakodi anati ayi. Chiikireni pa 6 Meyi, bokosilo silinazimepo. Linaona chitseko chikutseguka, linalira monga mwa ntchito yake, koma linalirira pansi pa benchi.

Mwini katundu, yemwe anali ataima chapatali, anakhala pansi pa katoni. Milungu itatu ya mu Meyi loko sanadulidwe. Aliyense m'nyumbamo ankadziwa yemwe ankasunga kiyi, ndipo palibe anamutchula.

Sajenti anapempha chivundikiro chomwe chinali m'manja mwa Makwerero. Pakona pake panali sitika yobiriwira. Anaikanda ndi chikhadabo mpaka inanyamuka. Pansi pake panali kachidutswa kachikasu, kochepa ngati njere ya mpunga, komwe wochotsayo anakalephera.

Makwerero anayamba ndi nthabwala. Anati iye sukulu anaithawa asanafike pa mitundu yobisika pansi pa inzake. Palibe anaseka, ndipo mawu ake anaphwa. Anati bokosilo analitenga pa shelefu ya obiriwira monga mwa masiku onse, m'mawa wa pa 6 Meyi. Atamaliza kuliika anachita zomwe amachita paliponse: anatsegula chitseko, getsi lobiriwira linayaka, kenako anaimba ku chipinda cha alamu kuti atsimikize. Limenelo ndiye khomo loyamba lija.

"Ndipo anakuuzani chiyani?"

"Anati yafika, mayi. Ndikanachoka bwanji asanandiuze?"

"Anayankha ndi mtsikana uja?"

Makwerero anayang'ana sikuludalaivala yake. Anati inali nthawi ya nkhomaliro. Mtsikanayo akatuluka kukadya, foni ya m'chipindamo imalira m'maofesi onse, ndipo amayankha aliyense amene ali pafupi. Mawuwo anali aamuna. Makina a matabwa ankasokosa, iye anali pamwamba pa makwerero, ndipo munthuyo anangonena liwu limodzi n'kudula.

Manijala anati pa ofesi pawo pali amuna ambiri, kuphatikizapo ogulitsa omwe amalowa ndi kutuluka. Iye mwini pa 6 Meyi anali ku msonkhano wa makasitomala kutsidya kwa tauni. Akhoza kupeza omuchitira umboni. Sajenti anati awapezedi. Anaona kuti manijalayo wanena za komwe anali asanafunsidwe n'komwe.

*

Anasiya dalaivala atakhala pansi pa bokosilo, atamulamula kuti ngakhale mphaka asayandikire soketi ya magetsi. Apongozi anabwerera kunyumba pa takisi ndi mdzukulu wawo, atanena mawu angapo okhudza boma. Namakodi anati ali ndi ola limodzi mwana asanafunenso bere, ndipo anakwera masitepe onunkha labala aja patsogolo pa Sajenti.

Chipinda chokonzera mabokosi chinalibe loko. Aliyense wopita kukatenga madzi a tiyi ankadutsa momwemo. Kukhoma kunali mashelefu awiri, wina wodzaza mabokosi a sitika zobiriwira, wina pafupifupi wopanda kanthu. Mipukutu ya sitika, yobiriwira ndi yachikasu, inali pa msomali umodzi, poti aliyense akhoza kufikira.

Kompyuta yakale inali pansi pa benchi, ikung'ung'udza m'fumbi. Namakodi anagwada. Anati anaiikira sipika kuti izilira alamu ikafika, apo ayi sangadziwe kuti kuyesa kwatheka. Anakoka kawaya ka sipikayo, ndipo kanabwera kopepuka. Kumapeto kwake kunali kodulidwa bwinobwino ndi pulayala. Atayatsa sikirini anapeza kuti zonse zomwe kompyutayo inalandira chichokereni iye zinafufutidwa Lolemba m'mawa, pa 9 Juni, ofesi isanatsegulidwe. Mawu achinsinsi olowera pa kompyutayo anali olembedwa ndi choko pa mwendo wa benchi, chifukwa anthu ankaiwala.

Anakhala pansi penipeni, msana utatsamira benchi. Sajenti anaona kuti mayiyu wayamba kuwerengera zomwe iye anali atawerengera kale m'galimoto. Antchito onamawo anawalemba ndi iye. Wodziwa bwino ntchito yawo ndi iyeyo.

"Mundimanga, a Sajenti?"

"Munali kuti pa 6 Meyi?"

"Pabedi, ndi ulusi pamimba. Apongozi akuuzani, ndiponso zina zomwe simunafunse."

Sajenti anati pakadali pano zimenezo zakwana. Wosintha sitika sanafunike kudziwa za makomo ndi antchito asanu. Anangofunika kudziwa zomwe aliyense pa ofesiyo ankadziwa, kuti bokosi lachikasu sililiza chipinda cha alamu. Chomwe sankadziwa ndi chakuti bokosi loterolo silitseka pomwe ladutsa. Amene anafufuta kompyuta ya pa benchi ankaganiza kuti wasesa bwalo lonse.

Namakodi anadzutsa mutu. Ankayang'ana shelefu yachiwiri ija, pomwe panali bokosi limodzi lokha la sitika yachikasu, litakutidwa ndi fumbi. Anadzuka, nasuzumira kuseri kwa shelefu, pansi pa benchi, m'kabati ya mawaya. Kenako anauza Sajenti chinthu china motsitsa mawu, ndipo Sajenti anachilemba pansi pa madeti aja n'kuchizunguliza.

*

Mkulu wa polisi sanakondwere. Anali atalonjeza kale akuluakulu kuti nkhani ya mabatire yatha, ndipo tsopano ankapatsidwa makomo osaoneka ndi maso m'malo mwa munthu wogwirika. Anapempha Sajenti kuti afotokozenso, pang'onopang'ono. Sajenti anasiya za laibulale. Anati mlandu wa mlonda waima pa mwendo umodzi, woti anazimitsa bokosi, ndipo bokosilo silinazime. Akuba analowa katatu iye asanalembedwe ntchito. Akamutengera ku khoti mawa, loya woyamba kumva za sitika yachikasu adzawavula onse pagulu.

Mkuluyo anasaina mokhala ngati cholembera chikumuluma.

Mlonda anatuluka dzuwa litapendeka, atanyamula lamba ndi zingwe za nsapato m'manja. Mkazi wake anaimirira pa benchi paja, koma ulendo uno sanakhalenso pansi. Sanakumbatirane. Anangomupatsa kontena ija, iye n'kuilandira ndi manja awiri. Mlondayo anafunsa Sajenti ngati angabwerere ku ntchito. Sajenti anamuuza zoona: mwini katundu wati munthu wosiya geti chifukwa cha nyimbo samufunanso. Bamboyo anagwedeza mutu, ngati akuvomereza kuti chilangocho ndiye chake chenicheni.

"Koma Lamulungu likubwerali muimba popanda kuzemba, bambo," anatero Sajenti.

Mkaziyo ndiye anaseka, kamodzi kokha, n'kudzigwira pakamwa.

Sajenti anabwerera ku mpando wake wopindika. Panali zambiri zodikira mawa: mphwake wa mwini katundu, yemwe foni yake inali yozima kuyambira masana, anthu a ku msonkhano wa manijala, amuna onse a pa ofesi ija ndi komwe aliyense anadyera nkhomaliro pa 6 Meyi. Anavula nsapato pansi pa tebulo, natsegula pomwe analemba zomwe Namakodi anamuuza.

Asanapite ku tchuthi, mayiyo anakonza mabokosi oyesera atatu. Limodzi linali pa shelefu. Lina linali pa khoma la nyumba ya mabatire, dalaivala akulilondera. Kuyambira pakati pa Epulo kampaniyo inali itaika mabokosi m'masitolo, m'nyumba za anthu, pa sukulu ina ndi pa kachipatala kena, onse a sitika zobiriwira, onse opereka moni m'mawa uliwonse.

Bokosi lachitatulo linali pa khoma la munthu wina, getsi lake likuwala bwinobwino, ndipo mpaka madzulo a Lachinayi limenelo palibe ankadziwa kuti ndi khoma la yani.